Ndinawerenga Mapazi a Mayi Okolopa

Nditabwerako ku maphunziro a sabata imodzi ku Liwonde, ndinatsika kabaza pageti la chipatala chathu nditanyamula fomu ya masamba angapo ndi zitini za penti, ndikuyenda mokweza mapewa ngati ndapambana chisankho. Ndinali namwino pa kachipatala kena kufupi ndi Ntaja. Kwathu ndi kwa Nsamala ku Balaka, Chiyao ndinkangochimva patalipatali, ndipo patatha zaka ziwiri ndikugwira ntchito pamalopo anthu ankandionabe ngati mlendo wodutsa. Zimenezi zinkandiwawa, ndipo ndinkalakalaka tsiku loti adzandidziwe.

Kumaphunziroko anatiuza za njira yogwirira ntchito imene akuti inayambira m'mafakitale a magalimoto kunja. Mfundo zake zinali zosavuta kumva: chinthu chilichonse chikhale pamalo pake, chopanda ntchito chichoke, wodwala asadikire nthawi yaitali, wantchito asamayendeyende pachabe. Ndiye poti akuluakulu sakhulupirira za pakamwa, panali fomu ija. Funso lililonse linali ndi malikisi, kuyambira ziro mpaka asanu. Oyendera ankabwera nayo, kuchonga, kenako kuyerekeza zipatala za ku Machinga ndi za ku Balaka kuti aone chimene chamvetsa bwino njirayi. Pathu pano amene anapatsidwa udindo woyendetsa zonsezi ndinali ine.

Ndisaname, zambiri zinatithandiza. Titakonza m'sitolo tinatulutsamo zisa za makoswe, magolovesi othaitha ntchito, ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi amene tinakhala tikuwalirira chaka chathunthu, ali atsopano m'bokosi mwake. Mashelefu ndinawalemba maina. Mlonda, amene sankaululira munthu kumene amasunga makiyi, anayamba kuwakoleka pa msomali wolembedwa. Anzanga anayamba kundipatsa moni asanandipemphe kanthu, ndipo ine ndinaukonda moniwo kuposa ntchito yeniyeniyo.

Panali munthu mmodzi yekha amene sanatekeseke nazo: mayi okolopa. Anali achikulire, afupi, miyendo yotupa, ndipo ankavala magambutsi odula kumwamba chifukwa akatumba awo sankalowamo. Anayamba ntchito pachipatalapo magetsi asanafike. Wodwala aliyense akalowa pageti ankayamba wafufuza iwo ndi maso, kuwapatsa salamu, kucheza nawo m'Chiyao, kenako n'kumabwera kwa ife ovala zoyera ngati akubwera kudzasainitsa chabe.

Ndinali nawo mangawa mayiwa, ndipo ndinenetu poyera. Mwezi wanga woyamba ndinakalipira mtsikana wina m'chipinda chobereketsera chifukwa sankamva zimene ndinkamuuza. Iwo anaika mopu pansi, kusamba m'manja, n'kundiuza mofatsa pamaso pa odikirira odwala kuti, “Anamwino, kapumuleni kaye, mwatopa.” Mtsikanayo anachira bwinobwino akumvera mawu awo. Ine ndinapita kukapumuladi, koma mawu amenewo ndinawasunga ngati mbewu.

Mayiwa anali ndi njira yawo imene tonse tinkaidziwa koma sitinkaitchula. Kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala, pafupi ndi dzala, kunali njerwa zosanjikiza zokhalapo. Kumeneko kunkabwera anthu amene amamwa ma ARV koma sangayerekeze kukhala pa benchi yakutsogolo, pamene pamakhala apongozi awo, makasitomala awo, anzawo akumzikiti ndi akutchalitchi. Ankalowa atanyamula bakuli ngati abweretsera wodwala chakudya, n'kukhotera kuseri. Mayi okolopa ankadutsako ndi chidebe chouma, mabuku a kuchipatala a anthuwo n'kuwabisa pansi pa zisanza. Ankazungulira mpaka kukhomo lakumbuyo la chipinda cha adokotala athu, bambo achikulire amene ankangodikira kupuma pa ntchito. Adokotala ankalemba, wopereka mankhwala ankapereka, ndipo mabotolo ankabwerera m'chidebe momwemo. Wofunika kuyezedwa ankamulowetsa pakhomo lomwelo masana, anthu akachepa. Tsiku lililonse mayiwa ankayenda ulendowu kangapo, miyendo ili yotupa choncho.

Pakati pa anthu akuseriwo panali mayi wina wa msinkhu wanga, wokonda mpango wobiriwira. Ndine ndinamuyeza magazi ali ndi pakati pa mwana wake wachitatu, ndipo ndine ndinamuuza zotsatira. Mwamuna wake anali ndi shopu ya nsalu ku Ntaja, munthu wolemekezeka, wokhala mzere wakutsogolo kumzikiti Lachisanu. Bamboyo ananenapo poyera kuti mkazi wobweretsa matenda amenewa m'nyumba mwake adzachoka ndi nsalu imene wavala yokha, ana n'kutsala. Za iye mwini kukayezetsa, inali nkhani yosayambika. Choncho mayiyo ankabisa mapiritsi ake m'kachitini ka soda kukhitchini, kumene mwamuna salowa, ndipo moyo wake wonse unkadalira chidebe chija. Ankanenepa bwino, mwana wake anabadwa wopanda kachilombo, ndipo mwezi uliwonse ankabwera ndi bakuli lake, nthawi zina muli mpunga weniweni wopatsa mayi okolopa.

Tsono pa fomu panali gawo la kayendedwe ka antchito. Anatiphunzitsa kujambula mapu a chipatala, kutsatira wantchito mmodzi tsiku lonse, ndi kulemba mzere paliponse pamene wapita, kuti tione mapazi otayika pachabe. Ndikanatha kusankha aliyense. Ndinasankha iwo.

Ndinawalondola kuyambira m'mawa, pepala lili pa katoni, cholembera m'manja. Akalowa kuwodi, mzere. Akapita kumpopi, mzere. Akazungulira kuseri, ndinkaima patali pang'ono n'kukoka mzere wautali, wakuda, mosindikiza. Pofika masana anatembenuka, chidebe chili m'manja.

“Kodi anamwino, mukundilondola ndaba chiyani?”

“Iyayi amayi, simunabe kanthu. Ndikungowerenga mapazi anu.”

Anaseka mpaka kutsokomola. “Werengani bwino, mwanangu. Ambiriwo si anga, ndikuyendera eni ake.”

Ndinamva bwinobwino chimene ankatanthauza. Ndinaweramira papepala n'kupitiriza kujambula.

Pamsonkhano wa antchito ndinamata pepala lija pakhoma. Mizere inali itapiringizana ngati matumbo a nkhuku, ndipo ndinanenadi mawu amenewo mokweza kuti anthu aseke. Anaseka. Ndinafotokoza kuti theka la tsiku la mayiwa limathera pa ulendo umene sunalembedwe pa ntchito yawo, kuti wokolopa saloledwa kunyamula mankhwala, kuti wodwala azionekera yekha, ndiponso kuti chipinda chikhale ndi khomo limodzi lolowera. Zonsezi zinali zoona, ndipo kuipa kwake kunali komweko, chifukwa panalibe woti anditsutse.

Adokotala anakanda m'mutu n'kunena chapansipansi kuti galu wamkota sakandira pachabe. Ndinawapatsa fomu kuti andionetse tsamba limene palembedwa zimenezo. Anaitembenuza kawiri, kuibweza, n'kuyamba kuyang'ana pawindo. Anali atatsala ndi miyezi yochepa kuti apume, ndipo sankafuna kalata yoipa m'failo mwawo.

Mayi okolopa anaimirira okha, manja ali kumbuyo. “Pepani akuluakulu, ine sukulu ndilibe. Koma anthu aja kutsogolo sangabwere. Mukawatsekera kuseri, ndiye kuti mwawatsekera konse.”

“Manyazi anapha lambe, amayi,” ndinatero. “Akafuna moyo abwera.”

Anthu ena anasekanso, koma pang'ono. Mayiwo anakhala pansi. Kunena zoona ndinasangalala, chifukwa tsiku limenelo wopumitsidwa anali iwo.

Sabata yomweyo khomo lakumbuyo tinalitseka, ndipo ndinaikapo shelefu ya mafailo kuti wina asalitsegule mobisa. Njerwa zakuseri tinazichotsa poti zinkaoneka zauve. Pansi pakhonde ndinajambula mizere itatu kuyambira pageti kuti wodwala asasochere: woyera wa odwala wamba, wabuluu wa amayi apakati ndi a sikelo, wachikasu wopita kuchipinda cha ma ARV. Sindinalembepo dzina la matenda, ndipo ndinkadzitama kuti ndasunga chinsinsi. Masiku atatu sanathe, anyamata a kabaza pageti anali atadziwa kale. Munthu akaonda pang'ono kumsika ankamunena kuti ameneyu watsala pang'ono kuyenda pa chikasu.

Ena analimba mtima n'kubwera, zipewa atakokera kumaso. Ena anasamutsa mabuku awo kupita kuzipatala zakutali, kumene kulibe wowadziwa. Ambiri anangosowa. Mzere wa odikira pachipinda chija unafupika, ndipo ine ndinalemba pa tchati chapakhoma kuti nthawi yodikira yatsika.

Mayi wa mpango wobiriwira anabwera tsiku lake monga mwa masiku onse, bakuli m'manja. Anapeza kuseri kuli mbee, n'kubwerera. Mawa lake mayi okolopa anandipeza pampopi ndikutsuka kapu. Anayang'ana uku ndi uku, kenako munthu wamkulu ngati uja, wa msinkhu wa mayi anga, anagwada pamatope.

“Anamwino, mmodzi yekha. Enawo ndakhala chete. Uyu mukumudziwa, munamuyeza nokha. Watsala ndi mapiritsi a masiku anayi.”

Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anandikwiyitsa. Ndinawauza kuti adzuke anthu angaone. Ndinati oyendera akubwera sabata yamawa, akangopita tidzaona chochita. Koma oyendera sanabwere sabata imeneyo. Galimoto yawo inawonongeka, kenako kunagwa maliro kwa mmodzi wa iwo, kenako akuti anayambira mbali ya ku Utale. Miyezi inadutsa, ine ndikupakabe penti pamene pafufutika.

Mayi okolopa sanagonje msanga. Tsiku lina anabisa buku la mayi uja m'chitenje n'kupita nalo pawindo la mankhwala. Wopereka mankhwala anachita mantha, anawabweza, n'kudzandiuza. Ndinalemba lipoti masana omwewo. Mkulu wa chipatala anawapatsa chenjezo n'kuwasamutsira kochapira, kuseri kwenikweni kwa mpanda, kumene sangakumane ndi odwala. Mankhwala a mayi uja anatha kalekale, ndipo ine ndinkadziwa. Ndikadutsa pashopu ya mwamuna wake ndinkayang'ana mbali inayo.

Oyendera anafika tsiku la msika, khonde litadzaza. Anali atatu. Awiri analowa m'sitolo ndi m'mawodi kukachonga mashelefu. Wachitatu, mayi wa magalasi wolankhula mwaulemu, anati ntchito yake ndi kusankha wodwala mmodzi pageti ndi kumutsatira ndi wotchi mpaka atatuluka. Anandipempha kuti ndimuperekeze ndi kumugwirira wotchiyo, iye azilemba. Adokotala athu achikulire anali atapuma, ndipo m'chipinda munali wina wobwereka, wosadziwa aliyense.

“Tiyeni titenge awo,” anatero woyendera uja, akuloza ndi cholembera.

Poyamba sindinamuzindikire. Mpango unali wobiriwira womwe uja, koma nkhope inali italowa, milomo ili ndi zilonda, ndipo ankayenda ngati wasenza mtolo. Bakuli analibe. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti wabwera atatsimikiza mtima, kuti zivute zitani lero alowa poyera. Ndinadina wotchi.

Anaima pamene mizere imayambira. Anaiyang'ana kwa kanthawi, kenako anaponda wachikasu. Anayenda mapazi angapo, pang'onopang'ono, maso ali pansi. Mtima wanga unati phee, ndipo ndinayamba kale kudziuza kuti ndinanena ine, akafuna moyo abwera.

“Alamu! Salamu aleikumu! Inunso muli kuno?”

Mawuwo anachokera pa benchi ya sikelo. Anali mchemwali wa mwamuna wake, mwana ali pamiyendo, akumwetulira mosadziwa kanthu. Azimayi ena awiri anatembenuka. Mayi uja anayankha salamuyo, ndipo poyankhapo phazi lake linatsetsereka lokha kuchoka pa chikasu kupita pa mzere woyera. Anati mutu ukumuvuta, wangobwera kudzatenga panado.

Atatero anakweza maso n'kundiona.

Ndinali pafupi kwambiri, moti ndikanatha kumugwira dzanja. Chochita ndinkachidziwa, ndipo chinali chaching'ono. Ndikanangonena mokweza kuti, “Mayi, mutu umenewo ndi wa magazi, bwerani kuno ndikuyezeni,” n'kumulowetsa m'chipinda changa, kutseka chitseko, n'kukatenga ndekha failo yake. Mlamu wake sakanaganiza kanthu. Koma zimenezo zikanadya ola lathunthu, woyendera akanafunsa chifukwa chimene wodwala wachokera pamzere wake, ndipo nkhani ya anthu osowa aja ikanatulukira poyera tsiku lolakwika. Zonsezi ndinaziyeza m'mutu mwanga mofulumira, monga mmene munthu amayezera tomato pamsika. Ndinatsitsa maso n'kuyang'ana wotchi.

Zotsalazo zinayenda ngati madzi. Anali ndi buku lina la matenda wamba, limene ankalisunga poyera kunyumba. Kalaliki analemba, dokotala wobwereka uja anamva za mutu, anafunsa mafunso awiri, n'kulemba panado. Pawindo panalibe wodikira. Anatsanzikana ndi mlamu wake, n'kutuluka pageti atagwira kapepala ka mapiritsi m'manja. Sanacheuke.

Woyendera anayang'ana wotchi n'kuvula magalasi. “Ndayenda zipatala zambiri, anamwino, koma wodwala wothandizidwa msanga chonchi sindinamuone. Mwagwira ntchito.” Analemba malikisi asanu, ndipo ine ndinati zikomo.

Zotsatira zitatuluka, chipatala chathu chinaposa zonse zimene anayendera. Tinaphika mpunga, tinajambulitsa zithunzi pamzere wachikasu womwewo. Patapita milungu ingapo ndinalandira kalata yoti andisankha kukhala mmodzi wa oyendera, ndizizungulira Machinga ndi Balaka ndi fomu yangayanga. Ndinaiwerenga kalatayo katatu, ndipo ndinaimbira foni kwathu kuti amve.

Mayi uja anamwalira mvula itangoyamba. Ndinamva kwa mlonda, amene ananena ngati akunena za mtengo wa chimanga. Mwamuna wake akuti anayenda naye kwa asing'anga awiri, ndipo pamaliro ankauza anthu kuti mkazi wake anachita kulodzedwa ndi ansanje a shopu. Anamuika tsiku lomwelo. Ine sindinapite, ndinati ndili pa ntchito.

Tsiku losamuka, katundu ali kale m'galimoto, ndinapita kochapira. Sindidziwa chimene ndinkafuna. Mwina ndinkafuna anditukwane kuti ndichoke ndi kanthu koyankha. Ndinawapeza akufinya zofunda za m'wodi, miyendo itatupa kuposa kale. Sanasiye ntchito.

“Ndabwera kudzatsanzika, amayi.”

“Muyende bwino, anamwino.”

Ndinaima pomwepo. Anayanika chofunda chimodzi, kuchiwongola m'makona monse, kenako analankhula osandiyang'ana.

“Mayi uja ndinali nawo pomusambitsa. Azimayi anayi tinakonzeka kumunyamula, koma awiri anakwanira. Dzulo lake ndinapita kukamuona, ankalankhulabe. Anandipatsa uthenga wanu.”

Ndinakonzeka kumva temberero, ndipo ndinaona kuti likanandipepukitsa mtima.

“Anati, mukawaone anamwino aja, mukawathokoze. Tsiku lija pakhonde anandiona, amandidziwa, koma anayang'ana kumbali kuti alamu anga asazindikire. Anandisungira ulemu. Ana anga akhalabe pakhomo pa bambo awo popanda wowanyoza. Mukawauze kuti Mulungu awadalitse.”

Anatola chofunda china m'beseni n'kuyamba kuchifinya. Madzi ankatsikira m'magambutsi mwawo.

“Kodi inu munamuuza chiyani?” ndinafunsa.

“Ndinati ndikawauza. Munthu akupita sumutsutsa. Uthenga ndi umenewo, ndapereka.”

Ndikanatha kunena kuti si mmene zinalili. Iwo ankadziwa kale, ndipo ankadikira kuti aone ngati ndinganene ndekha. Ndinatsegula pakamwa, woyendetsa galimoto analiza hutala kutsogolo, ndipo mawu amene anatuluka anali akuti, “Zikomo, ndalandira.”